Makona Amene a Nsanza Ankadula

Dzina loti a Nsanza sanabadwe nalo. Analipeza ali kale ndi ndevu, chifukwa cha chizolowezi chawo choyenda m'makomo mwa atelala, thumba lili paphewa, kupempha tizidutswa ta nsalu. Poyamba linkawawawa, koma dzina lachipongwe ukamalikana ndi pamene limakukakamira. Mapeto ake anayamba kulilemba okha m'munsi mwa zojambula zawo, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi.

Ntchito anayambira pa zikwangwani. Ali mnyamata ankajambula mitu ya anthu pa makoma a ometa tsitsi, nkhuku zonenepa pa zitseko za ogulitsa nyama, ndi nsapato zonyezimira pa tinyumba ta osoka nsapato. Mitu yawo inkakongola kuposa mmene ometawo ankametera, moti makasitomala ena ankatuluka akung'ung'udza kuti khoma lawanamiza. Tsiku lina anaitanidwa kukalemba chikwangwani pa malo ena ochapira zovala. Ali pamwamba pa makwerero, dontho la penti yofiira linagwera pa nsalu ya pabedi imene mtsikana wina anali atangomaliza kusita. Mtsikanayo sanakuwe. Anangoika simbi pansi, n'kuwayang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu.

"Tsikani, achimwene. Sopo ndi uyu, madzi ndi awa."

Anatsika, nachapa, anthu odutsa akuseka. Kuyambira tsiku limenelo ankamuitana kuti Adona, chifukwa ankalamula ngati mwini malo. Chaka chisanathe anakwatirana, ndipo dzinalo linalowa nawo m'nyumba.

Za mapepala zinabwera chifukwa cha kukhumudwa. A Nsanza anali atatopa ndi nkhuku za pa zitseko, ankafuna kujambula anthu enieni a mumsewu mwawo. Koma mapepala a m'sitolo anali opyapyala, utoto ukangowakhudza ankakwinyika. Mkulu wina amene anapuma ntchito yosindikiza mabuku ndiye anawatsina khutu kuti kale pepala labwino linkachokera ku nsalu zakutha. Mawu amenewa anawalowa m'mutu osatulukanso. Anamanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, nagula mtondo ndi munsi, mgolo wodula pakati, ndi bafa lalikulu la chitsulo. Sefa anapanga okha pokhomera waya wotchinga udzudzu pa felemu ya matabwa.

Ntchito yake inali yotere. Nsanza ankazidula tizidutswa ngati chikhadabo, kuziwiritsa ndi soda, kuzisinja mpaka zisanduke phala, n'kulithira m'bafa la madzi. Kenako ankaviika sefa, kuitukula pang'onopang'ono madzi akuyoyoka, kukhuthulira phala lopyapyalalo pa chidutswa cha bulangete, n'kupsinja ndi thabwa ndi njerwa zinayi. Koma nsalu yake inkafunika ya thonje lenileni. Nayiloni ungamusinje mpaka munsi kuthetheka, sasanduka pepala. N'chifukwa chake a Nsanza sankayenda opanda machesi ngakhale kuti fodya sankasuta. Ankasolola ulusi umodzi pa nsalu n'kuuyatsa. Wa thonje unkapsa n'kusiya phulusa lofewa. Wa nayiloni unkasungunuka n'kusiya kampira kakuda kolimba, konunkha pulasitiki.

Panali ntchito imodzi yokha imene a Nsanza sankaigwira: kunyamula pepala lonyowa pa bulangete kukaliyanika pa chingwe. Manja awo nthawi zonse anali ndi penti, ndiye Adona akaweruka kosita ankavula nsapato n'kulowa m'shedi. Ankatsina pepalalo pa kona, kulimatula mosamala, n'kulipachika. Ndipo pa kona iliyonse imene agwira pankatsala kadzenje ka chala chawo chachikulu. Pepala likauma kadzenjeko kankaumira pomwepo, mizere ya chala ikuoneka bwinobwino.

A Nsanza kadzenje kameneka kankawadya mtima. Anali munthu wofatsa pa zina zonse, woti mwana wa neba angathyole zenera iwo n'kumufunsa ngati sanadzicheke, koma pa pepala anali wovuta kuposa apongozi.

"Adona, mwayambanso! Kodi chala chanuchi simungamachisiye kuchipinda?"

"Yesani nokha tione."

"Ndiyese ndi manja a pentiwa?"

"Ndiye khalani chete, bambo. Ife tizigwira ntchito."

Mkangano umenewu unachitika zaka makumi atatu ndi zinayi, mawu ake osasintha. Ukatha, a Nsanza ankatenga sizasi n'kudula kona yachilemayo, n'kugwera pansi. Madzulo Adona posesa ankatola makonawo n'kuwaponya m'thumba lakale la shuga limene linkakhala kuseri kwa chitseko cha shedi. Amuna awo akati angowataya, ankayankha kuti, "Musataye, siketi yanga imeneyo."

Sankanama. Nsalu za atelala sizinkakwana, makamaka a Nsanza atayamba kuumba ziboliboli. Ankapinda waya kukhala mafupa a munthu, n'kumakuta ndi mapepala onyowetsa, limodzi pamwamba pa linzake, mpaka munthu aime. Munthu wa msinkhu wonse unkatha kumunyamula ndi dzanja limodzi. Anaumba anthu asanu odikira basi, makosi onse atapotokera mbali imodzi, ndipo aliyense wolowa m'holo ya chionetsero ankapezeka nayenso watembenuka kuti aone ngati basiyo ikubwera. Anaumba mlonda wogona chibonga chili pamiyendo. Anaumba kalaliki atanyamula nsapato m'manja kuopa matope. Manyuzipepala anawajambula, ophunzira zaluso anabwera ndi makope awo, ndipo ziboliboli zina zinakwera ndege zisanaone n'komwe mvula ya kwawo. Mwiniwake ndege sanaikwerepo.

Chimene chinatchuka kwambiri chinali cha mayi wowerama akumanga mwana chingwe cha nsapato. A Nsanza ankafuna kuti mayiyo akhale wabuluu, koma buluu wa m'kati mwa pepala, osati wopaka. Anasaka kwa atelala onse osapeza buluu wowakhutiritsa. Ndiye Lamlungu lina pa chakudya cha masana maso awo anakakamira pa diresi limene Adona anavala.

"Maso amenewo ndikuwadziwa," anatero Adona. "Si a chikondi ayi."

A Nsanza analumbira kuti sanaganize kalikonse. M'mawa mwake anapeza diresilo lili pa mtondo, lochapa, lositasita, lopinda bwino, mabatani atachotsedwa kale. Pambuyo pa diresilo panapita siketi yachikasu, epuloni ya kuntchito, mabulauzi, mipango ya kumutu. Kenako Adona anayamba kugula zovala za nayiloni zokhazokha, zija zotentha dzuwa likaswa mtengo. Anzawo akawafunsa ankati, "Ndimafuna ndizivala zovala zanga mwamtendere. Kwathu kuli munthu amene amaona pepala paliponse."

Chinthu chimodzi chokha ndicho Adona ankapempha, ndipo ankachipempha ngati nthabwala.

"Mwaumba alonda, mwaumba zidakwa, mwaumba ngakhale galu wa eni ake. Ine mudzandiumba liti?"

"Inu sindingakuumbeni ndi nsanza zotola. Ndidzakuumbani ndi nsalu zanu zomwe. Dikirani dzanja likhwime."

"Likhwime? Imvi zonsezo dzanja likadali lanthete?"

A Nsanza ankanena zoona. Ankaopa kuumba nkhope imeneyo n'kuilakwitsa. Koma mantha ndi ulesi zimabala mwana mmodzi, ndipo akuluakulu sananame kuti zengerezu analinda kwawukwawu. Zaka zinapita. Miyendo ya Adona inayamba kutupa, anasiya ntchito yosita, mpweya unayamba kuwachepera. Ku chipatala anakhalako masabata atatu. Lachiwiri lina m'mawa, amuna awo akuwakonzera pilo, anafunsa ndi mawu otsika, akumwetulira:

"Dzanja lija lakhwima?"

"Mukangotuluka muno ndiyamba."

Dzuwa lisanafike pamutu Adona anali atatsamira mkono.

A Nsanza analira ngati mwana, ndipo sanachite nazo manyazi. Anthu atabalalika, m'nyumba munatsala iwo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, mayi wa ana awiri, mphunzitsi wa pulayimale, amene ankakhala tsidya lina la tauni. Mumtima mwa bambowo munali chinthu chimodzi: aumbe akazi awo ndi nsalu za akazi awo, monga analonjezera. Ankaona kuti akalephera chimenechi, ziboliboli zina zonse zija zinali masewera chabe.

Loweruka lina masana mwana wawoyo anatulutsa sutikesi ya zovala za amayi ake pakhonde kuti azipatule zopatsa abale. A Nsanza anakhala pa mpando, bokosi la machesi lili pabondo.

"Usapereke kanthu ndisanayese."

Anasolola ulusi pa mpendero wa diresi loyamba n'kuyatsa. Unasungunuka. Diresi lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, lachinayi. Fungo la pulasitiki linadzaza khonde, timipira takuda tikuchuluka pa simenti.

"Ababa, kodi mumaliza zovala zonse za amayi ndi moto?"

"Ulusi umodziumodzi basi, mwanangu. Payenera kupezeka ya thonje ngakhale imodzi."

Anayesa madiresi khumi ndi limodzi, masiketi, mabulauzi, mipango, ngakhale nsalu ya m'kati mwa matumba a juzi. Pansi penipeni pa sutikesi panali kampango ka m'thumba koyera. Ulusi wake unapsa bwino n'kusiya phulusa. A Nsanza anakatambasula, n'kuona pa kona banga lakale la penti yobiriwira. Kanali ka a Nsanza eni ake. Munthu amene anakhala naye zaka makumi anayi sanasiye nsalu ya thonje ngakhale yokwana kumanga bala la pachala. Yonse anawapatsa, ndipo yonse iwo anaigulitsa kwa alendo.

Lolemba anavala jekete n'kukwera basi kupita ku ofesi ina yaikulu imene inagula mayi wowerama uja zaka zambiri zapitazo. Ankaganiza zopempha kuti amubweze, iwo awaumbire china. Pa malo olandirira alendo, pomwe chiboliboli chinkaima, anapezapo mphika wa maluwa a pulasitiki. Mlonda wa pakhomo, bambo wachikulire, anawamvetsera mwaulemu.

"Amayi abuluu aja? Ndikuwakumbukira, madala. Tinkawapatsa moni m'mawa. Koma okolopa ankawathira madzi kumapazi tsiku ndi tsiku. Mapazi anafewa, tsiku lina tinangopeza agwada. Abwana anati tiwachotse."

"Munawaika kuti?"

Mlondayo anayang'ana pansi, n'kuloza ndi mlomo kuseri, kumene kumaima galimoto ya zinyalala. "Ndi kale, madala. Mwina zaka zisanu."

A Nsanza anathokoza, n'kubwerera wapansi mtunda wonsewo chifukwa sanafune kulira m'basi.

Kwa masiku angapo m'shedi sanalowemo. Lachisanu masana analowa kukafuna lumo, ndipo potseka chitseko phazi lawo linagunda chinthu chofewa. Linali thumba la shuga lija, lodzaza mpaka kukamwa, lomanga ndi kachingwe. Analimasula n'kupisamo dzanja. Munali buluu wa diresi lija, chikasu cha siketi, zoyera za epuloni, mitundu yonse ya zaka zonse. Mawu aja anawamva ngati akunenedwa pakhomo pomwepo: musataye, siketi yanga imeneyo.

Anaseka okha, koyamba chimwalirire akazi awo. Thonje! Thonje la Adona, lokwana munthu wathunthu wokhala pampando. Maso awo a umisiri anaona thonje basi, monga mmene kwa zaka makumi atatu ndi zinayi ankaonera chilema basi. Sanakhale pansi, sanatenge kona imodzi kuti aiyang'ane. Anasonkha moto, kuwiritsa madzi mu mgolo, kuthiramo soda, n'kukhuthuliramo thumba lonse. Anavundula ndi thabwa akuimba mluzu.

M'mawa mwake anadzuka dzuwa likutuluka n'kuyamba kusinja. Msana unkawawa, koma anasinja ngati mnyamata. Pofika nthawi imene mwana wawo ankafika ndi chakudya chimene ankawabweretsera Loweruka lililonse, mtondo womaliza unali utasalala, ndipo bafa linali litadzaza phala la mtundu wa mtambo wa mvula.

"Bwera udzaone! Ndawapeza amako. Anali kuseri kwa chitseko nthawi yonseyi."

Mwanayo anaika basiketi pansi, namvetsera, nasangalala nawo. Kenako, poti anatengera amayi ake kusakonda zinthu zomwazika, anatola thumba lopanda kanthulo kuti alipinde. Analikutumula kaye. Kuchokera mu msoko wa pansi munagwa timakona titatu touma, tiwiri toyera, kamodzi kabuluu. Anatola kabuluuko, nakatembenuzira ku kuwala kwa pakhomo.

"Ababa, ichi si chala cha amayi?"

"N'chilema chija ndinkadula."

"Taonani mizere yake. Ndi kachipsera aka, kaja anapsa ndi simbi ine ndili wamng'ono." Anayang'ana thumba lopanda kanthulo. "Zonse zinali chonchi? Thumba lonse?"

A Nsanza analandira kakonako pa chikhatho. Kadzenje kanali pomwepo, kakuya pang'ono mbali ya kuchikhadabo, ndi kamzere kopingasa ka chipsera. Sikanali chithunzi cha Adona, kapena chofanizira chopangidwa ndi munthu wina. Panali pamene Adona anagwira okha, tsiku lina madzulo ataweruka kuntchito, mapazi akuwawa. Ndipo m'thumba muja munali masauzande a madzulo oterowo. Anatembenuka n'kuyang'ana bafa. Phala linali phee, losalala bwino, lopanda kambulu ngakhale kamodzi. Pa ntchito yosinja a Nsanza sankalakwitsa.

Anagwada n'kupisa manja m'bafamo mpaka m'zigongono, kufufuza ngati munthu amene wagwetsa mphete. Mwana wawo anawagwira paphewa.

"Ababa, basi. Madzi akatayika saoleka."

"Ndawasinja ndekha," anatero. "Ndi manja angawa."

Tsiku limenelo sanadye. Koma phala la pepala silidikira munthu amalize kulira, likakhalitsa limanunkha n'kuonongeka. Lamlungu m'mawa anasamba m'manja ndi sopo katatu, ngakhale kuti munalibe penti, chifukwa burashi anali asanaigwire kwa miyezi iwiri. Anaviika sefa, kuitukula, kukhuthulira pa bulangete, kupsinja ndi njerwa zinayi. Atachotsa thabwa anaima kudikira, ndipo panapita kanthawi asanazindikire kuti akudikira munthu woti adzanyamule.

Anawerama okha. Anatsina kona mosamala kwambiri, mmene ankanenera nthawi zonse kuti munthu wosamala angachitire, n'kumatula pepalalo, n'kulipachika pa chingwe. Atachotsa dzanja, pa kona panali kadzenje.

Anati mwina n'chifukwa cha kusazolowera. Pa pepala lachiwiri anagwira ndi nsonga za zala. Pepala linang'ambika. Pa lachitatu anayesa kulowetsa mpeni pansi, linapindika n'kumatana. Pa lachinayi anayesa ndi zikhatho ziwiri, linatsakamuka n'kugwera pansi. Pepala lachisanu analitsina ndi chala chachikulu, molimba, ndipo linanyamuka lonse bwinobwino, lili ndi kadzenje kake. Pepala lonyowa silinyamulika popanda kusiyapo chala. Adona ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Anawauza kambirimbiri kuti ayese okha, ndipo iwo, katswiri wa m'manyuzipepala, sanasambe m'manja ngakhale tsiku limodzi kuti ayese.

Anakhala pa mtondo wovundikira, chingwe chikudontha pamwamba pawo, n'kupepesa mokweza m'shedi mopanda munthu.

Chibolibolicho anachimaliza patapita miyezi inayi. Ndi mayi wokhala pampando, nsapato atavula, manja ali pamiyendo, mutu utapendekeka pang'ono ngati akufuna kufunsa funso limene akudziwa kale yankho lake. Sanachipake utoto. Amene ankawadziwa Adona amati akachiona amafuna kupereka moni. Anthu a zionetsero anabwera kangapo kudzachipempha, ena ananena kuti n'chimene chikuposa zonse zimene a Nsanza anaumbapo, koma iwo ankangopukusa mutu. Chili pabalaza, pa thabwa lokwera, ndipo pokolopa amakolopa okha. Pambuyo pa chimenechi sanaumbenso china.

Ophunzira akabwera amadabwa ndi chinthu chimodzi. M'mphepete mwa diresi la mayiyo, kuzungulira mpendero wonse, muli timadzenje ta chala, chifukwa mapepala amenewo a Nsanza sanawadule makona. Wina anafunsapo ngati chala chimenecho n'cha malemu.

"Ayi, n'changa," anayankha. "Chawo chinatsala patatu pokha."

Timakona titatu tija amatisunga m'kabokosi ka magalasi, m'thumba la malaya. Nthawi zina masana amakhala pakhonde n'kutsegula, n'kutenga kabuluu kaja. Amabweretsa chala chawo chachikulu pafupi ndi kadzenjeko, koma sachifikitsa, kuopa kuti thukuta lingafufute mizere. Amangochiimika m'mwamba pang'ono, kenako n'kubwezera kakonako m'bokosi.